Tinalira Mzungu Wamoyo ku Salford

Amayi awo atamwalira ku Ntcheu, asisi Agness sanalire. Musandimve molakwa, sikuti ndi ouma mtima. Kulirako anakuyamba bwinobwino, koma anachita kuwadula pakati.

Chinali chaka cha 2005. Uthenga unafika pafoni masana, ndipo dzuwa lisanalowe ife amayi a kutchalitchi tinali titadzaza m'kanyumba kawo ku Bradford. Kupita kumudzi sakanatha. Anabwera kuno mothawa, ndipo mapepala awo amawalola kupita kulikonse padziko lapansi kupatula kwawo. Ndiye tinati maliro tikhalira konkuno. Tinakankhira mipando kukhoma, tinakhala pansi, asisi n'kuyamba: "Mayo ine..."

Sanapite patali, khoma linayamba kugunda. Nyumba za kuno n'zomatana, mnzako akatsokomola umadzuka ndiwe kukamwa mankhwala. Posakhalitsa woyandikana nawo anafika pakhomo atanyamula kagalu m'manja. Akuti galuyo ali ndi vuto la mtima, ndipo phokoso likapitirira aimbira akhonsolo. Asisi anapukuta nkhope, n'kuima pakhomo akuti "sorry, sorry" ngati agwidwa akuba. Atabwerera anafunsa kuti ndani akufuna tiyi. Kenako tinayamba kutuluka mmodzimmodzi kupita kuntchito, chifukwa kuno ngakhale maliro amadikira shifiti.

Kuyambira pamenepo munthu uja anangouma. Kukwaya anasiya, kuseka anasiya, chakudya ankangotola. Ankapita kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito, n'kubwerako, n'kukhala. Ukawafunsa ankaloza pachifuwa, "Pali chinthu chandikhala apa."

Ine Tupochile ndine nesi, ndimagwira ku Salford. Ndinawayeza zonse zoyezeka, osapeza kanthu. Koma matendawo ndinkawadziwa, anali maliro osalira, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina atilanda munthu. Nanga munthu wamkulu ungamulize bwanji? Ndinawapatsa anyezi thumba lonse kuti adule, ndinalira ndine. Ndinawaikira filimu yomvetsa chisoni, anagona. Ndiye ndinati ngati kulira kwakana, tiyese kuseka, misozi yake ndi yomweyo.

Nthawi imeneyo pa TV pankaonetsedwa sewero lanthabwala limene ndinkalikonda kwambiri. Linali la anthu ochita zisudzo otha ngati makatani, osaka mbali tsiku ndi tsiku n'kumangopatsidwa yodutsa kumbuyo atanyamula ambulera. Sabata iliyonse ankaitana munthu wotchuka kudzasewera ngati iye mwini n'kudzipusitsa. Ankajambulira ku Salford komweku, ndipo tsiku lina ndinamva kuti akufuna anthu odzaza kumbuyo, amitundu yonse. Ndinalembetsa mayina awiri. Ndinalinso ndi kachifukwa kanga. Ndinali nditagula wigi yatsopano, yofiirira, yofika m'mapewa, ndipo sikunali chilungamo kuti izingoonedwa ndi odwala a m'wodi mwanga okha.

Tsikulo asisi anatsika sitima atavala ngati akupita kukagula mkaka. Ine ndinatchena ngati mkulu wa komiti ya ukwati. Malo ake anali tchalitchi chakale chimene anthu anasiya kupempheramo, panja pali malole, pansi nthambo zokhazokha. Anatilandira mtsikana wina dzina lake Joan, wothandiza mkulu wa sewero, woti kuyenda sankakudziwa, ankangothamanga. Anayang'ana diresi langa lachikasu, n'kutitumiza kugalimoto ya zovala kumene anatipatsa majekete akuda onunkha thukuta la eni.

Titalowa m'tchalitchimo, ndinangoima pakhomo pomwepo. Kutsogolo kunali bokosi lamaliro, nkhata zili mbwee. Ine ndi nzeru zanga zonse za unesi ndinali nditatenga namfedwa kudzamuseketsa pamaliro.

"Tupo, amwalira ndani?"

"Palibe, asisi. Ndi sewero."

"Nanga bokosilo?"

"Nalonso likusewera."

Asisi anatsegula chikwama, n'kutulutsa chitenje ndi duku, pajatu mkazi wa kwathu sayenda wopanda zimenezi. Anamanga chitenje pamwamba pa jekete, anavula nsapato, n'kukakhala pansi pambali pa bokosi atatambasula miyendo.

Joan anafika akuthamanga. "Mayi, chonde, mukhale pabenchi."

"Pamaliro? Mkazi?"

Anakambirana kwa kanthawi, wina akuloza benchi, wina akuloza pansi. Mapeto ake anagwirizana kuti asisi akhale pabenchi loyamba, kumapeto, pafupi ndi bokosi, chifukwa mkulu wa sewero dukulo linamusangalatsa. Ine ndinadzipanikiza pambali pawo. Kumbali yanga kunakhala bambo wina wa ku Zambia, a Thomas, ogwira ntchito kunyumba yosungira katundu ku Rotherham. Anatiuza kuti iwo ndi akale pantchitoyi, khutu lawo linaonekapo mufilimu ya apolisi.

Joan anaima kutsogolo n'kutipatsa malamulo. Osayang'ana kamera. Osatulutsa mawu, poimba tizingoyendetsa milomo. Ndipo chisoni chikhale chochepa, chaulemu. Anationetsa: anapendeketsa mutu pang'ono, n'kukhudza pakona pa diso ndi kansalu.

"Kameneko ndi kulira," anandinong'oneza asisi, "kapena kachitsotso kawalowa m'diso?"

Nkhani ya tsikulo inali yotere. Willie, mwini wake wa seweroli, anali ngati wapeza mbali mufilimu, yoima pambali pa bokosi n'kunena mawu ochepa otsanzika. Malemuyo anali mlendo wotchuka wa sabatayo, bambo Ralph, nkhalamba imene yakhala ikusewera mafumu kuyambira ife tisanabadwe. Nthabwala yake inali yoti munthu wotchuka chotere sangavomere mbali yopanda mawu, ndiye mtembo uzingodzuka kumudzudzula Willie ndi kupempha kuti nawonso ulankhuleko. Wolemba nkhaniyo sanavutike kuganiza, chifukwa bambo Ralph analidi otero. Chilowereni m'tchalitchimo pakamwa sipanatsekeke.

Anabwera atawapaka ufa kumaso mpaka kutuwa, suti pamwamba, masilipasi kumapazi, kapu ya tiyi m'manja. Anakwera kampando, n'kuponya mwendo m'bokosi. Asisi anandigwira dzanja mpaka zikhadabo kulowa.

"Munthu wamoyo? Akulowa yekha? Tupo, awa ndi malaulo!"

Ndisanawagwire anali atafika kale pabokosi. Anapinda maondo mwaulemu, n'kuwauza m'Chingerezi kuti kwathu sitichita zimenezo, n'kudziitanira imfa.

Bambo Ralph anaseka mpaka tiyi kutayikira pankhata. "Mayi, ine ndafa kambirimbiri. Ndi lupanga, ndi poizoni, ulendo wina piyano inandigwera pamutu. Koma nthawi ya nkhomaliro ikakwana ndimadzuka."

"Mulungu akukhululukireni," anatero asisi, n'kubwerera pabenchi.

Kujambula kunayamba. Willie ananena mawu ake, mtembo unadzuka n'kuti, "Ayi mnyamata, sanena choncho." Asisi ankadziwa kuti zimenezi zichitika, komabe anakuwa, "Yesu wanga!" Mkulu wa sewero anafuula, "Cut!"

Ulendo wachiwiri vuto linali chipewa. A Thomas anali atapatsidwa chipewa chakuda kugalimoto ya zovala, ndipo anachikonda. Asisi anatambasula dzanja kudutsa kumbuyo kwanga n'kuwavula. Mwamuna savala chipewa pamaliro, a Thomas nawonso ankadziwa, moti anangoyang'ana pansi mwamanyazi. Koma panali mayi wina amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti chilichonse chikhale monga chinalili poyamba. Anabwera n'kuwaveka. Kamera ikayamba, asisi n'kuwavula. Kamera ikaima, mayi uja n'kuwaveka. A Thomas anangokhala pakati, mutu ukutentha n'kuzizira.

Ine ndinali ndi nkhondo yanga. Kamera ikamayenda ndinkapendekera pang'onopang'ono kumene yaloza, mpaka Joan analankhula pa chimkuzamawu tchalitchi chonse chikumva: "Mayi wa tsitsi, bwererani m'malo mwanu."

Nthawi ya nkhomaliro anthu onse anathamangira kubasi imene anaikamo matebulo. Malemu anatuluka m'bokosi n'kupita kukadyera kukalavani yawo, ndipo ndinaona botolo la vinyo likuwatsatira. Asisi anakana kutuluka.

"Maliro sasiyidwa okha."

"Asisi, m'bokosimo mulibe munthu. Mwini wake akudya."

"Pita iwe ukadye."

Ndinapita, koma chakudya sichinatsike. Ndinawaona pawindo atakhala okhaokha m'tchalitchi chachikulu chija, akuchotsa makapu amene anyamata a kamera anasiya pachivundikiro cha bokosi. Sanaseke ngakhale kamodzi chifikireni. Ndinadziona kuti ndine chitsiru, ndipo ndinachita mantha kuti ndawonjezera matenda.

Titabwerera, bambo Ralph analowanso m'bokosi akuyasamula. Magetsi a kamera anali otentha, mimba yodzaza, vinyo akugwira ntchito yake. Anawapinda manja pachifuwa. Aliyense anakhala chete, kamera inayamba. Willie ananena mawu ake, n'kudikira kuti mtembo udzuke.

Mtembo sunadzuke.

Willie anabwereza, mokweza pang'ono. Zii. Nkhalamba inali itagona tulo teniteni. Mkulu wa sewero anaganiza kuti limeneli ndi luso la munthu wamkulu, ndiye anakweza chala kuti kamera ipitirire. Kwa nthawi yoyamba tsiku lonselo m'tchalitchimo munamveka ngati muli maliro.

Asisi anali pafupi kuposa wina aliyense. Sankayang'ana nkhope, ankayang'ana manja aja, manja a munthu wokalamba, a mitsempha yotukuka, atasanjikizana pachifuwa.

"Tupo," ananong'ona, "amayi anga anawapinda manja ndani?"

Ndinangomva benchi likunjenjemera.

"Mayo ine! Amayi anga ine!"

Mawuwo anamenya denga. Nkhunda zimene zinkakhala kumeneko zinabalalika. Mnyamata wojambula mawu anavula zam'makutu n'kuziponya kutali ngati zamuluma. Asisi anatsetsereka pabenchi n'kugwera pansi, manja kumutu.

"Mwapita osandiona, amayi! Anakusambitsani ndani, ine ndili kuno kusambitsa amayi a eni? Ndani anakutsekani maso? Munandiitana kodi, amayi? Munandiitana ine osamva?"

Pamenepo ndinaona kamera ikutembenuka, diso lake n'kuloza benchi lathu ndendende. Imeneyi ndiyo inali nthawi imene wigi yanga inkadikira. Kungokhala mowongoka, kupendeketsa mutu monga anationetsera Joan, England yense akanandiona. Koma kwathu mkazi salira yekha, anzake alipo. Ndinadziponya pansi. Wigi inakodwa pabatani la jekete la a Thomas n'kutsala pomwepo, ine n'kupitirira ndi kasokosi kumutu.

Ndinayamba ngati woperekeza chabe, koma sindinachedwe kupeza anga owalira. Malume anga, mng'ono wanga wa ku Mangochi, onse amene maliro awo ndinawakhalira pafoni nditavala yunifolomu. A Thomas anavula chipewa okha, anasuntha n'kukaima patali monga amachitira amuna, n'kuyamba nyimbo ya maliro chapansipansi, wigi yanga ikulendewera pachifuwa pawo. Azungu odzaza kumbuyo aja anaganiza kuti malamulo asintha, ndiye anayamba kufwenthera mwaulemu. Gogo wina kumbuyo ankalira zenizeni, sindikudziwa kuti ankalira ndani.

Phokosolo linadzutsa malemu. Bambo Ralph anadzambatuka, maso ali tong'o. "Chachitika n'chiyani? Wafa ndani?" Kenako anakumbukira kumene ali, anakonza kukhosi, n'kutsegula pakamwa kuti anene mawu awo.

Ine ndili ndi mawu ena amene ndimasungira odwala ofuna kutsika pabedi dokotala asanalole. Ndinadzutsa mutu wanga wa kasokosi n'kuwatulutsa.

"Gonani, bambo. Sitinamalize."

Anandiyang'ana. Anayang'ana asisi akugubuduka pansi, akuitana amayi awo. Sindikudziwa kuti anamvapo chiyani, Chichewa sankachidziwa. Koma anatseka pakamwa, anagona chagada, anapinda manja monga analili, n'kutsinzina. Mkulu wa sewero anadzuka kuti aimitse zonse. Dzanja linatuluka m'bokosi, linamukaniza, n'kubwereranso pachifuwa.

Munthu amene tsiku lonse sanathe kukhala chete ngakhale pomwa tiyi anafa mpaka asisi anamaliza. Ndipo sanamalize msanga. Analira za matenda a amayi, za kanyumba kamene analonjeza kuwamangira, za tsiku limene anatsanzikana pa depoti. Ndinaona kamzere kamadzi kakutsika pa ufa wa kumaso kwa bambo Ralph. Mwina linali thukuta, magetsi aja ankatenthadi.

Kulira kutachepa n'kusanduka kusisima, mkulu wa sewero anabwera akunyang'ama, maso akuwala. Anati sanaonepo zotere moyo wake wonse. Vuto linali limodzi lokha, mawu sanajambulike bwino chifukwa mnyamata uja anataya zida. Kodi mayiyu angabwerezenso, kamera ili mbali iyi?

Asisi anamina pachitenje, n'kundiyang'ana. "Uwauze kuti amayi anga anamwalira kamodzi."

Ndinawauza. Joan anatithokoza kwambiri, n'kutiuza mwaulemu wonse kuti tikhoza kuweruka msanga, ndiponso kuti mawa tisavutike kubwera.

Pakhomo asisi anaima n'kupempha madzi, pajatu munthu sachoka kumaliro osasamba m'manja. A Thomas anatithirira a m'botolo. Tikusamba choncho tinangoona manja ena otuwa atatambasulidwa pambali pathu. Anali bambo Ralph ndi masilipasi awo. A Thomas anawathirira nawonso.

"Mayi," anatero kwa asisi, "ine ndikadzafa zenizeni kudzabwera anthu ambiri ovala bwino, ndipo palibe adzalire choncho. Kodi ndingakusungitseni malo?"

"Mudzatumize uthenga," anayankha asisi.

Seweroli litadzaonetsedwa pa TV patapita miyezi, ife munalibemo. Munangooneka phewa la a Thomas kamphindi, ndipo iwo mpaka lero amati ntchito yawo ikukwera, achoka pa khutu.

Koma tsiku lija, tikudikira thiramu, kasitima ka m'tauni, asisi anandipempha foni. Anagula khadi loimbira kunja pakashopu ka pakona, n'kuimbira achimwene awo aakulu ku Ntcheu, amene chiikireni maliro ankangolankhula nawo zapamwamba. Foni inalira kanthawi. Atayankha, asisi anatsegula pakamwa, koma mawu anali atasasiratu, kunangotuluka kamphepo.

Ndinkamva bwino kuchokera pamene ndinaima. "Agness? Mawu ako apita kuti?"

"Ndinali kumaliro a amayi, achimwene."

Thiramu inafika, inatsegula zitseko, inatseka, n'kutisiya.

"Pepa, mlongo wanga," anatero achimwene awo. "Timakudikira."

"Pepaninso, achimwene."

Ndinatembenukira kumbali n'kumawerenga chikwangwani cha nthawi za thiramu, ngakhale sindinkaona chilembo n'chimodzi chomwe.